KOLORINI AMATHA MPHAMVU M'MADZI A MATOPE

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Dzinja likafika alimi amakondwera, koma madzi amene amanyowetsa minda ndi omwewo amene amakokolola zonyansa za kuthengo ndi za m'zimbudzi zosefukira, nazithira m'zitsime momwe amai amatunga.

Dziko la Zambia linaona kuwawa kwa cinthu cimeneci. Nthenda ya kolera imene inabuka mu Lusaka mu October 2023 inagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lonse, ndipo oposa 700 anamwalira. Bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira mu February 2024.

Cimodzi mwa zida zimene banja la kumudzi liri nazo ndico kolorini wothira m'madzi akumwa. Bungwe la Society for Family Health linayamba kufalitsa mankhwalawa m'timabotolo ta Clorin m'caka ca 1998. Komabe ambiri amaganiza kuti madzi akangothiridwa mankhwala kamodzi, nchito yatha. Apo ndi pamene pali ngozi, pakuti kolorini amatha mphamvu.

Kolorini akalowa m'madzi sasankha mdani. Amalimbana ndi ciri conse cimene wapeza: tizirombo ta matenda, dothi, ndere ndi tizidutswa ta masamba. Pa nkhondo imeneyo iye amanka natha. Amene amateteza banja ndi uja wotsala nkhondo itatha. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limati payenera kutsala theka la miligalamu pa lita imodzi patapita mphindi 30. Pa mudzi palibe cipangizo copimira, koma kafungo kakang'ono ka mankhwala ndi cizindikiro cakuti mphamvu ikalipo. Kafungoko sikoopsa.

Cifukwa cace madzi a matope ayenera kuyamba adikha, kenaka asefedwe pa nsalu yoyera, ndipo pomwepo athiridwe mankhwala monga mwa muyeso wolembedwa pa botolo. Ngati madziwo akali obvunduka, muyeso umabwerezedwa kawiri. Mai wa pa nyumba akhutcumule cigubu ndi kudikira mphindi 30 asanapatse mwana madziwo.

Kutentha ndi dzuwa nazonso zimadya kolorini. Botolo lisungidwe pa mthunzi, lotseka bwino, kutali ndi ana, ndipo tsiku lace lothera mphamvu liyang'anidwe pogula. Mankhwalawa asasakanizidwe ndi ena alionse. Madzi amene apitirira tsiku limodzi m'cigubu asadaliridwenso; acapidwire zobvala ndipo atungidwe ena.

Cosungiramo madzi naco ciri ndi mbali yace. Cigubu ca kukamwa kwakung'ono cokhala ndi citsekero cimaposa mtsuko wapululu, cifukwa dzanja kapena cikho cobviikidwamo cimabweza tizirombo m'madzi abwino. Pamene pali mtsuko wokha, ubvindikiridwe ndipo ukhale ndi cikho cimodzi ca mpini wautali copachikidwa pamwamba. Kuterera kumene kumamveka m'kati mwa cigubu ndiko nyumba ya tizirombo, m'mene kolorini amalephera kulowa bwino, motero cigubu citsukidwe ndi sopo kawirikawiri. Cigubu cimene munali mankhwala opopera thonje cisasungirepo madzi akumwa, cingatsukidwe motani.

Citsime cikakhala caukhondo, mankhwala amagwira nchito yocepa. Cimbudzi ndi khola zikhale kumunsi kwa citsime, pa mtunda wosacepera mamita 30. Pakamwa pa citsime pamangidwe ndi simenti, pakhale cibvindikiro ndi ngalande yocotsa madzi otayika, ndipo ndowa yotungira ikhale imodzi, yosaikidwa pansi. Mafumu ndi makomiti a madzi ali ndi udindo woona kuti zimenezi zikutsatidwa.

Pamene kolorini wasowa, madzi aphitsidwe mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, ndipo azizire ali obvindikira. Koma munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha, banja lisataye nthawi. Wodwala amwetsedwe Madzi a Moyo, osungunulidwa m'madzi otetezedwa, ndipo apite naye ku cipatala akumwabe m'njira, pakuti kolera ikhoza kupha munthu wamkulu wamphamvu m'maola owerengeka.