Nyanja tili nayo, koma doko ndi la eni

Amene anali mu Blantyre m'miyezi yomaliza ya chaka cha 2024 sangaiwale momwe msewu wa pa Mbayani unkaonekera m'mamawa. Anthu opita kuntchito ankaima unyinji m'mbali mwa msewu, maminibasi akubwera mwa apo ndi apo, atadzaza kale kuchokera ku Chirimba ndi ku Chemusa. Anyamata a kabaza wa njinga zamoto, amene masiku onse amalimbirana okwera, ambiri ankagona pa mizere ya mafuta, ena n'kumagula petulo wa m'zigubu pa mtengo woboola m'thumba. Amayi ogulitsa usipa ndi utaka pamsika ankalandira katundu wochokera ku Mangochi atakwera kale mtengo asanafike n'komwe pa benchi. Ife a m'mbali mwa nyanja tikuidziwa bwino mbali inayo ya nkhaniyi: boti la injini likasowa petulo, chilimira chimagona pamchenga, ndipo pakhomo pamayamba kuwerengedwa ufa.

Gwero lalikulu la vutolo linali kusowa kwa ndalama zakunja zogulira mafuta, ndipo pamenepa palibe chobisa. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma madola sanachuluke m'mabanki. Komabe panali chifukwa china chimene chinayambira kutali ndi mabanki athu. Pa 9 Okutobala 2024 anzathu a ku Mozambique anachita chisankho. Venâncio Mondlane anakana zotsatira zomwe zinapereka mpando kwa Daniel Chapo wa chipani cha Frelimo, ndipo zionetsero zinabuka m'mizinda ndi m'misewu ikuluikulu. Magalimoto onyamula katundu ankachedwa m'njira, madalaivala ena akuopa n'kunyamuka komwe. Bwalo loona za malamulo aakulu a dzikolo litatsimikiza zotsatirazo pa 23 Disembala, zipolowe zinafika posauzana, moti anthu pafupifupi 13,000 anawolokera kuno kudzabisala, makamaka m'boma la Nsanje. Palibe munthu wa pa Mbayani amene anaponya voti pa chisankho chimenecho, koma zotsatira zake anazilipira pa minibasi.

Kuti timvetse, tiutsate msewu womwewu. Ukachoka pa Mbayani umadutsa pa Chemusa ndi pa Chirimba n'kukafika pa Kameza. Ukapitirira pa Lunzu umafika pa Zalewa, pomwe mphambano ya kumanzere imalunjika ku Mwanza. Kuseri kwa chipata cha Mwanza kuli Zobue, kenaka mzinda wa Tete ndi milatho yake ya pa Zambezi, ndipo pomalizira pake doko la Beira, mtunda wa makilomita pafupifupi 800 kuchokera mu Blantyre. Njira yachiwiri ndi njanji yochokera ku doko la Nacala, yolowera pa Nayuchi m'boma la Machinga n'kudutsa pa Liwonde. Yachitatu ndi ya ku Dar es Salaam, yolowera pa Songwe ku Karonga, yomwe kwa ife a kummwera ndi yaitali kwambiri. Mafuta, feteleza, tirigu wa buledi ndi mankhwala ambiri a m'zipatala zimatipeza kudzera m'makomo amenewa, ndipo palibe khomo ndi limodzi lomwe limene kiyi wake tikusunga ndife.

Ife amene tinakulira pagombe timati "nyanja" mosakayika, ndipo mafunde a mwera akakwiya amaoneka ngati a nyanja yamchere. Koma palibe sitima yochokera ku Arabia kapena ku India imene ingakocheze pa Monkey Bay kapena pa Chipoka. Malawi ndi limodzi mwa maiko 16 a mu Africa amene alibe gombe la nyanja yamchere. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja, lomwe linasainidwa mu 1982, limapatsa maiko otere ufulu wodutsitsa katundu wawo m'maiko a anzawo kukafika kudoko. Koma pangano lomwelo limanenanso kuti momwe kadutsidweko kadzayendere, maiko okhudzidwawo ayenera kumvana okha. Ufulu ulipo pa pepala. Pamsewu chimene chimagwira ntchito ndi ubale ndiponso mtendere wa mwini dziko.

Akuluakulu athu anaphunzira zimenezi mowawa. Dr Hastings Kamuzu Banda anasankha kukhala bwino ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, ndipo mu 1967 anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa. Atsogoleri ambiri a mu Africa anamunyoza pa zimenezi. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chowonekeratu: madoko onse awiri amene Malawi inkadalira anali m'manja mwa Apwitikizi, ndipo njanji ya ku Nacala, yomwe inatsegulidwa mu 1970, inamangidwa m'nyengo ya maubale amenewo. Koma mu 1975 Mozambique inalandira ufulu pansi pa Frelimo, yomwe inalibe chifukwa chokhulupirira Kamuzu. Posakhalitsa nkhondo yapachiweniweni ya Frelimo ndi Renamo inabuka, ndipo pofika mu 1984 njanji zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zinali zitasiya kugwira ntchito. Katundu amene ankayenda makilomita mazana angapo anayamba kuzungulira mpaka ku Durban. Odutsa njira ya ku Tete ankayenda mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo opewa njirayo ankazungulira ku Zambia, ulendo woposa makilomita 3,000.

Pa 11 Sepitembala 1986 mkangano unafika mu Blantyre momwemuno. Samora Machel wa ku Mozambique, Kenneth Kaunda wa ku Zambia ndi Robert Mugabe wa ku Zimbabwe anabwera pamodzi kudzakumana ndi Kamuzu, akudandaula kuti zigawenga za Renamo zikugwiritsa ntchito nthaka ya Malawi. Boma la Malawi linakana. Atabwerera ku Maputo, Machel anaopseza kuti atseka malire ndi kutchera mizinga yoloza kuno. Patangotha milungu isanu, pa 19 Okutobala, iye anamwalira pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ndipo mkwiyo wa ambiri unagwera Malawi, moti ku Harare achinyamata anaphwanya maofesi a kazembe wathu ndi a Air Malawi. Chodabwitsa n'chakuti miyezi iwiri yokha pambuyo pake, mu Disembala, maiko awiriwa anasainirana pangano la chitetezo, ndipo kuyambira mu 1987 asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala. Ena a iwo anafera komweko. Maboma awiri amene sankakondana anakakamizika kugwirana manja chifukwa cha njanji imodzi.

Nkhondoyo inatitumiziranso anthu. Pofika nthawi imene pangano la mtendere linkasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, kuno kunali othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, kutanthauza kuti mwa anthu khumi alionse okhala m'dziko muno, mmodzi anali wochokera ku Mozambique. Ambiri anali ku Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, koma nako ku Mangochi ndi ku Machinga analiko, ndipo kumeneko ochuluka anali abale enieni, olankhula Chiyao chomwecho, amene malire a atsamunda anangowadutsa pakati. Makolo athu anawagawira minda ndi zitsime. Paja amati mnzako akapsa ndevu mzimire.

Pali phunziro lina lalifupi limene sitiyenera kulilumpha. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje, lomwe cholinga chake chinali choti katundu azibwera pamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire. Mugabe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia anafika pa mwambowo, koma mtsogoleri wa Mozambique, Armando Guebuza, sanabwere, ndipo bwato loyamba lonyamula feteleza linagwidwa ndi akuluakulu a dzikolo lisanafike. Iwo anati payenera kuchitika kaye kafukufuku wa momwe ntchitoyo ingakhudzire mtsinje. Maganizowo anali abwino, koma tinamanga khonde tisanapemphe njira kwa mwini munda. Mu 2016 namonso, Renamo itayambiranso kuwombera magalimoto m'chigawo chapakati cha Mozambique, matankala ena a Amalawi anatenthedwa, ndipo othawa nkhondo anadzaza pa Kapise ku Mwanza asanasamutsidwire ku Luwani m'boma la Neno.

Tsopano kuli nkhondo ina, ndipo imeneyi ikutikhudza pawiri. Pa 5 Okutobala 2017 gulu la anyamata okhala ndi zikwanje ndi mfuti zochepa linaukira apolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Anthu a kumeneko amawatcha Al-Shabaab, ngakhale si gulu limodzi ndi la ku Somalia, ndipo kuyambira mu 2019 gulu la Islamic State lakhala likunena kuti zigawengazi ndi nthambi yake. Mu Ogasiti 2020 zinalanda doko la Mocímboa n'kulisunga chaka chathunthu. Mu Malichi 2021 zinaukira tauni ya Palma, zomwe zinachititsa kampani ya Total ya ku France kuimitsa ntchito yake ya gasi ya ndalama pafupifupi madola 20 biliyoni. Anthu masauzande aphedwa, ndipo oposa 1 miliyoni anathawapo m'makwawo. Mu Julayi 2021 dziko la Rwanda linatumiza asilikali ndi apolisi 1,000, ndipo bungwe la SADC linatumizanso ake. Mwezi wotsatira, pa msonkhano wa ku Lilongwe, Pulezidenti Lazarus Chakwera analandira upampando wa bungwelo, ndipo mu Januwale 2022 atsogoleri anakumananso ku Lilongwe n'kuonjezera nthawi ya asilikaliwo.

Zigawengazi zimadzibisa m'dzina la chipembedzo chathu, koma midzi ya m'mbali mwa gombe imene zakhala zikuitentha ndi ya Asilamu anzathu, asodzi ndi alimi ngati ife. Ofufuza a bungwe la IESE la ku Maputo analemba mu 2019 kuti nkhondo isanayambe, anyamatawa anayamba ndi kukangana ndi mashehe a m'madera mwawo, kulowa m'mizikiti atavala nsapato ndi kuletsa ana kupita ku sukulu za boma. Atsogoleri achisilamu a kumeneko anachenjeza boma zaka zingapo mfuti yoyamba isanalire, koma chenjezolo silinatengedwe mozama. Itabuka nkhondo, boma linatseka mizikiti ina ndi kumanga anthu ambirimbiri, olakwa ndi osalakwa omwe. M'kuona kwathu, kumeneko kunali kulakwitsa kawiri: kunyalanyaza anthu amene ankadziwa bwino vutolo, kenaka kuwakayikira anthu omwewo pamene ankafunika koposa.

Tisaiwalenso nthaka imene mbewu yoipayi inamerapo. Cabo Delgado ili ndi gasi wochuluka pansi pa nyanja ndi miyala yamtengo wapatali ya rube ku Montepuez, koma ndi chimodzi mwa zigawo zosauka kwambiri m'dzikolo. Kumayambiriro kwa 2017 okumba miyala wamba anathamangitsidwa mwankhanza m'migodi ya ku Montepuez. Anyamata ambiri amene analowa m'gululi anakopeka ndi malonjezo a ntchito, a mpamba wa geni kapena a maphunziro, osati ndi ulaliki wokha. Pamenepa ndi pamene nkhaniyi imalowa m'nyumba zathu. Ndi banja liti ku Makanjira, ku Namwera kapena ku Nkhotakota limene lilibe mnyamata amene anapita ku Blantyre kukakhala ndi amalume ake pa Mbayani kapena ku Ndirande, akudikira mwayi wa ntchito kapena ulendo wa ku Joni? Mnyamata wotere akauzidwa kuti kwapezeka ntchito kutsidya kwa malire, ndalama yoyendera ilipo kale, koma asauze aliyense, makolo ali ndi ufulu wofunsa dzina la wolemba ntchitoyo, malo enieni kumene akupita ndi munthu wodziwika amene angaikire umboni. Wofuna kukaphunzira za chipembedzo, sukulu yake ikhale yodziwika kwa mashehe athu ndi ku mabungwe ngati Muslim Association of Malawi kapena Qadria Muslim Association of Malawi. Lonjezo loona silithawa mafunso.

Ena angati Cabo Delgado ndi kutali. N'zoona kuti kuchoka ku Mangochi kukafika ku Palma ndi ulendo wautali. Koma chakumapeto kwa 2021 zigawengazi zinalowa m'boma la Mecula m'chigawo cha Niassa, chigawo chomwecho chimene timalowamo tikawoloka pa Chiponde kupita ku Mandimba kukagula katundu kapena kukaona abale. Mu Sepitembala 2022 zinatsikira kummwera m'chigawo cha Nampula, n'kuukira mishoni ya Chipene m'boma la Memba, komwe zinapha sisitere wa ku Italy, Maria De Coppi. Boma la Memba limachita malire ndi dera la gombe la Nacala, kumene njanji yathu imayambira.

Dziko lathu layesetsa kudzitchinjiriza. Bungwe la boma loona za mafuta la NOCMA lili ndi nkhokwe zosunga malita 60 miliyoni ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi pa Matindi, kufupi ndi Lunzu, pa msewu womwe uja wodutsa pa Mbayani. Koma nkhokwe imathandiza ikakhala yodzaza, ndipo kuidzaza kumafuna madola amene tikusowa. Nayo njira ya kumpoto si yodalirika nthawi zonse: mu Epulo 2025, Malawi italetsa kulowetsa zokolola zina zakunja, Tanzania inabwezera potseka chipata chake kwa zokolola zathu, mpaka maboma awiriwa atakambirana.

Mu Julayi 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala inalowa pa Nayuchi, n'kudutsa pa Liwonde, ndi kukafika ku Lilongwe koyamba patatha zaka zoposa 20. Akuluakulu a boma anailandira ndi chimwemwe, ndipo kunali koyenera, pakuti njanji ndi yotsika mtengo kuposa matankala. Mwezi womwewo asilikali a SADC anatsiriza ntchito yawo ku Cabo Delgado n'kubwerera kwawo. A Rwanda anatsalira, ndipo chaka chotsatira anthu a m'boma la Memba anathawanso m'midzi mwawo.