Mphumu ya mahatchi: zimene mankhwala a steroid amachita m'mapapo

Mphumu imagwira kwambiri mahatchi akuluakulu omwe amakhalitsa m'khola ndi kudya udzu wouma. Fumbi ndi chuku za mu udzuwo zikalowa m'mapapo, tinjira ta mpweya timatupa, minofu yozungulira tinjirato imakungika, ndipo makhololo amachuluka. Hatchi imapumira m'mphuno mokha, choncho ikabanika zimaonekeratu: mphuno zimatambasuka, imatsokomola pafupipafupi, ndipo imakankha mpweya ndi mimba. Matendawa akakhalitsa, m'mbali mwa mimba mumaoneka mzere wa minofu yomwe yakula chifukwa chopuma movutikira.

Pofuna kudziwa kukula kwa vutoli, madokotala a ziweto amalowetsa kapaipi m'mphuno mpaka m'mapapo, kuthiramo madzi amchere pang'ono, kenaka kuwakokanso ndi kuwayeza. Mwa hatchi yathanzi, maselo oyera a magazi otchedwa neutrophil sapitirira 5 pa maselo 100 aliwonse a m'madziwo. Mwa yodwala kwambiri amaposa 25 pa 100.

Mankhwala odalirika pochepetsa kutupaku ndi a gulu la steroid. Ena ndi omwetsa kapena obaya, monga dexamethasone ndi prednisolone. Ena ndi opopera m'mphuno, monga fluticasone ndi ciclesonide, yomwe inavomerezedwa ku Ulaya ndi ku America mu 2020. Mankhwalawa amaletsa maselo kutulutsa zinthu zoyambitsa kutupa, ndipo pakangopita masiku ochepa hatchi imayamba kupuma bwino.

Komatu kupuma bwino sikutanthauza kuti kutupa kwatheratu. Akatswiri a ku Université de Montréal m'dziko la Canada, motsogozedwa ndi Jean-Pierre Lavoie, anaona kuti hatchi ikamalandira steroid koma n'kumakhalabe m'khola la fumbi, maselo a neutrophil amakhala ochulukabe m'mapapo. Maselowa amatsika pokhapokha hatchiyo ikachotsedwa pafumbi n'kumakadya msipu panja. Anapezanso kuti minofu ya tinjira ta mpweya, yomwe imanenepa chifukwa cha matendawa, imaphwa pang'onopang'ono pakapita miyezi yambiri ya chithandizo, ngakhale sibwerera mwakale kwenikweni.

Mankhwalawa ali ndi kuipa kwake. Akaperekedwa kwa nthawi yaitali, makamaka omwetsa ndi obaya, amafooketsa chitetezo cha m'thupi ndi kuchepetsa cortisol yemwe thupi limapanga lokha. Madokotala amasamalanso kwambiri ndi mahatchi onenepa poopa matenda opweteka a ziboda otchedwa laminitis. N'chifukwa chake mlingo wa mankhwalawa umatsitsidwa pang'onopang'ono hatchi ikayamba kupeza bwino.

Motero chithandizo chenicheni chimayambira m'khola. Udzu wouma uyenera kuviikidwa m'madzi kapena kufutsidwa ndi nthunzi usanaperekedwe, mapesi ogonapo alowedwe m'malo ndi zoyala zopanda fumbi, khola lizipita mphepo, ndipo hatchi izitulutsidwa panja pamene akusesa. Steroid amapatsa hatchi mpumulo, koma fumbi likapanda kuchoka, mphumu imabwerera mankhwala akangosiyidwa.