Waya womva kutentha

Dzanja ndi mboni yonama. Khasu likagona panja usiku wa mu June, m'mawa chitsulo chake chimazizira kuposa mpini, chikhalirecho zonse zagona pa mphepo imodzi. Chitsulocho chimangoyamwa msanga kutentha kwa m'dzanja mwako. N'chifukwa chake asayansi anasiya kudalira khungu, n'kuyamba kufunafuna chinthu chimene chimasintha mokhulupirika chikatenthedwa.

Poyamba inatchuka ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chimene Daniel Gabriel Fahrenheit anachiika m'kachubu kagalasi mu 1714. Ikatenthedwa imafufuma n'kukwera. Koma imaundana pa madigiri a Celsius 39 kunsi kwa ziro, imawira pa 357, ndiponso ndi poizoni. Nanga m'ng'anjo yosungunulira zitsulo, kagalasi kangalimbe?

Njira ina inatulukira ku Berlin. Mu 1821 Thomas Johann Seebeck analumikiza zitsulo ziwiri zosiyana nsonga zonse ziwiri, n'kutenthetsa mfundo imodzi, inayo n'kuisiya yozizira. Singano ya kampasi imene inali pafupi inatembenuka. Mwiniwakeyo anaumirira kuti ndi mphamvu ya maginito, koma anali magetsi obadwa chifukwa cha kusiyana kwa kutentha pa mfundo ziwirizo. Apa m'pamene panachokera kachipangizo koyezera kutentha kotchedwa thermocouple. Magetsi ake ndi ochepa mochititsa chisoni: mtundu wofala wotchedwa K umapereka pafupifupi zigawo 41 mwa zigawo 1,000,000 za volt imodzi pa digiri iliyonse. Komabe timawaya tiwiri timeneti timapirira moto woposa madigiri 1,000, ndipo mtengo wake si woboola m'thumba. Vuto lake n'lakuti timangonena kusiyana kwa mfundo ziwirizo, choncho kutentha kwa mfundo yozizirayo kuyenera kudziwika kaye.

Ofuna muyezo wosaphonya amathamangira pulatinamu. Chitsulo chikatentha, magetsi amavutika kudutsamo, ndipo m'zaka za m'ma 1880 Hugh Callendar wa ku Cambridge anasonyeza kuti pulatinamu wosasakaniza amachita zimenezi mosasinthasintha, lero ndi mawa chimodzimodzi. Kachipangizo ka pulatinamu kotchedwa Pt100 kamasonyeza ma ohm (muyezo wa kuvutika kwa magetsiko) 100 pa digiri 0, ndi 138.5 pa madigiri 100. Pulatinamu sachita dzimbiri, ndipo ulemu wake wagona pamenepo. Muyezo wa kutentha wa dziko lonse lapansi wa 1990 umadalira iyeyu kuyambira madigiri 259 kunsi kwa ziro mpaka 962. Kudula kokha ndiye amadula, ndipo wochuluka amakumbidwa m'migodi ya ku South Africa.