Phanga la Chentcherere Likalowa M'kompyuta

Masiku ano phanga lathunthu limakwana m'foni. Wojambula amayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa thanthwe akutola zithunzi mazanamazana, chilichonse chikulowererako pa chinzake. Kenako kompyuta imafufuza timadontho tofanana m'zithunzizo n'kuzilumikiza, mpaka patuluke chifanizo cha 3D chomwe umachitembenuza ndi chala, kusuzumira m'ming'alu yake, ngakhale kuchiyeza. Gulu la Zamani Project la pa yunivesite ya Cape Town lachita ntchito yotereyi ndi makina a laser ku Great Zimbabwe, ku Kilwa ndi ku Lalibela. Ine ndimalakalaka mapanga onse a ku Chongoni atajambulidwa motero. Komabe chimene chimandidetsa nkhawa si makina ayi, koma mawu amene adzatsagane ndi zifanizozo.

Chongoni ili m'mapiri a ku Dedza, m'nkhalango yotetezedwa ndi boma. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse: malo 127 okhala ndi zojambula pa miyala, m'dera lalikulu masikweya kilomita 126.4. Zojambula zofiira, zozungulira ndi zamizeremizere, akatswiri amati n'za Akafula, alenje omwe ankakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera n'za Achewa: zina za chinamwali, zina za Nyau. Alendo ambiri amafika pa Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Ndikaima pa Chentcherere, chimene chimandigwira mtima ndi makulidwe a dothi loyeralo. Linapakidwa ndi chala, ndipo pena njira ya chalacho ikuonekabe. Zinyama zake n'zotambasula miyendo, zina zili ndi madontho pamsana. Ukasendera pafupi, maso atazolowera mthunzi, pansi pa zoyerazo pamatuluka timizere tofiira tozimiririka. Pamwamba pa zonsezi pali mayina olembedwa ndi makala, ntchito ya anthu odutsa a masiku athu ano. Kamera imatola zitatu zonsezi mofanana. Siidziwa kuti chinayamba n'chiti, kapena kuti chimodzi ndi chuma pomwe china ndi chiwonongeko.

Apa m'pamene pamalowera metadata, ndiye kuti zolembedwa zofotokoza chifanizocho. Chifanizo chopanda metadata chili ngati mwana wofika kuchipatala wopanda buku la kusikelo: namwino akumuona ndithu, koma sadziwa kuti analemera bwanji mwezi watha kapena analandira katemera uti.

Zina mwa zolembedwazo n'zosavuta: dzina la malo, tsiku, wojambula, mtundu wa kamera, pulogalamu yomwe inalumikiza zithunzi. Koma ngakhale zosavutazo zimapunthwitsa. J. Desmond Clark, yemwe anafukula pa Mwana wa Chentcherere mu 1972, analemba dzinali kuti Chencherere, pomwe Leslie Zubieta m'buku lake la mu 2006 anaikamo t. Wolemba metadata akapanda kusunga malembedwe onse awiri, wofufuza pa kompyuta adzapeza theka la nkhani. Nyengo nayonso ilembedwe, chifukwa thanthwe lonyowa la mu Febuluwale silioneka chimodzimodzi ndi louma la mu Okutobala. Pachithunzi pafunika kandodo koyezera ndi kakhadi ka mitundu, apo ayi sitingadziwe ngati utoto wazimiririka kapena ngati kuwala kwa dzuwa ndiko kunali kosiyana. Palinso pulogalamu yotchedwa DStretch, ya Jon Harman, yomwe imakoleza utoto wofooka mpaka zobisika zionekere. Ndi chida chabwino zedi pa zofiira za Akafula, koma chithunzi chilichonse chokolezedwa chiyenera kulembedwa kuti chakolezedwa. Kupanda kutero, mwana wa sukulu adzafika kuphanga akufuna mitundu yomwe pathanthwepo palibe.

Pali chinthu china chimene chiyenera kulembedwa koma osaulutsidwa: pamene phanga lili penipeni. Mwa malo 127 aja, ambiri apulumuka chifukwa anthu sawadziwa. Kuika manambala a GPS pa intaneti n'kulozera njira wamakala uja.

Tsopano nkhani imene ndikufuna kuikhalira pansi. Zojambula zoyera za ku Chongoni si za anthu amene anatha. Zidzukulu za ojambulawo zili m'midzi yozungulira phiri, chinamwali chikuchitikabe, ndipo Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamulemekeza mu 2005, akuvinidwa. Benjamin Smith, yemwe anayenda m'mapanga amenewa m'zaka za m'ma 1990, analemba kuti zojambula za Nyau zikugwirizana ndi nthawi yomwe gule ankaponderezedwa ndi Angoni, amishoni ndi boma la atsamunda. Zubieta, pocheza ndi amayi achikulire, anatsata mgwirizano wa zinyama zotambasula miyendo zija ndi chingondo cha pa chinamwali. Choncho pali anthu amoyo odziwa tanthauzo la zinthuzi, ndipo ena mwa matanthauzowo sanenedwa pabwalo. Za kudambwe zimatsala kudambwe, za m'tsimba zimatsala m'tsimba.

Nanga fomu ya pakompyuta ikafunsa tanthauzo la chojambulidwa, tilembepo chiyani? Ine ndikuti pafomupo pakhale malo enanso awiri: ananena ndani, ndipo woyenera kumva ndani. Mawu a namkungwi asasanduke mawu a wofufuza chifukwa choti wofufuzayo ndiye anagwira cholembera. Ngati namkungwiyo wanena kuti izi n'za amayi ovinidwa okha, kompyuta imvere. Zimenezi n'zotheka. Ku Australia, anthu a mtundu wa Warumungu a ku Tennant Creek anathandiza kupanga pulogalamu yotchedwa Mukurtu, yomwe imatsegula chithunzi kapena nkhani molingana ndi amene akufunsa, kaya ndi mwamuna, mkazi kapena wa banja lakutilakuti. Malamulowo amaika ndi eni mwambo. Kwathu kuno oika malamulowo akhale anamkungwi ndi mafumu eni mzinda, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Nthawi zina yankho lawo lidzakhala lakuti pamenepo pasalembedwe kanthu, ndipo yankho limenelo nalonso lilembedwe, kuti wobwera m'mbuyo asaganize kuti tinaiwala kufunsa.

Zithunzi za ku Chongoni zilipo kale pa intaneti. Kuyambira mu 2013, British Museum ya ku London inalongosola zithunzi pafupifupi 25,000 za bungwe la TARA la ku Nairobi, zomwe zambiri anatola ndi David Coulson, ndipo za ku Malawi zilimo. Ndimayamikira ntchito imeneyi, chifukwa chithunzi chakale chokhala ndi deti chimatiuza kuchuluka kwa utoto umene wagwa kuchokera pamenepo. Chimene chimandipweteka n'chakuti mafotokozedwe ake ali m'Chingelezi. Mphunzitsi wa pulayimale ku Linthipe, amene akuliona phirilo ali pakhomo pa kalasi, ayenera kumasulira yekha zonena za alendo kuti aphunzitse ana za agogo awo.

N'chifukwa chake ntchito ya 3D ikamayamba pa phanga lililonse, ndikufuna zitatu zilowe m'pangano lisanasainidwe. Metadata ilembedwe m'Chichewa ndi m'Chingelezi tsiku lomwelo, osati kudzamasulira ndalama zikatsala. Zithunzi zoyambirira, zomwe chifanizo chinapangidwa nazo, zisungidwe kuno ku Malawi m'malo oposa amodzi, popeza mapulogalamu amatha ntchito koma zithunzizo zikhoza kulumikizidwanso ndi pulogalamu ya mtsogolo. Ndipo achinyamata a m'midzi ya kufupi aphunzitsidwe kutola zithunzizo ndi kudzaza fomu, chifukwa thanthwe liyenera kujambulidwanso pakapita zaka zingapo, ndipo iwowo ndiwo amayamba kudziwa moto wolusa ukadutsa pakamwa pa phanga.