Tsiku limene mabuku a Malawi amatsegulidwa ku Geneva

Amene analowapo banki m'khonde ku Ulongwe kapena kwa Ntaja amalidziwa tsiku lotsegula mabuku. Bokosi limaikidwa pakati, osunga makiyi amatsegula maloko, mlembi amawerenga mokweza, ndipo mayi amene dzulo mumaseka naye pamjigo lero akukufunsani osaphethira: "Nanga ngongole ya mu Juni ija, anzathu?"

Bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, la WTO, limatero ndi mamembala ake. Dziko la Malawi linalowamo mu 1995, ndipo mabuku ake anatsegulidwapo kangapo ku Geneva, kulikulu la bungweli, monga mu 2002, 2010 ndi 2016. Malipoti amakhala awiri: lina lolemba boma lathu, lina lolemba alembi a bungwelo, omwe alibe chifukwa chotikometsera. Mayiko ena amatumiza mafunso, nthumwi zathu n'kuyankha. Chindapusa chokha ndiye palibe, poti si bwalo lamilandu. Zimene zimaluma ndi manyazi, komanso kuti ofuna kugula katundu wathu amawerenga zonsezo.

Ena mwa mafunsowo amagwera pa chakudya. Pangano la WTO pa nkhaniyi likuti dziko lili ndi ufulu wokana chakudya chakunja pofuna kuteteza anthu, ziweto ndi mbewu, koma lionetse umboni wa akatswiri, ndipo lisayeze katundu wa mnzake ndi sikelo ina, wake ndi ina. Kunena mwa pagulu paja, mutha kukana mtedza wa mnzanu kuti uli ndi chuku, koma chukucho chioneke, ndipo wanu womwe uunikidwe.

Mtedzawu tiudziwe bwino. Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Sanunkha, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Mayiko a mu European Union salola mtedza wodya ngati poizoniyu waposa magawo 4 pa magawo 1 biliyoni. Mlimi wa ku Phalula amene wawaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, n'kuthira mtedzawo m'thumba usanaume, watseka yekha msika umenewo, ngakhale dzina la Geneva sanalimvepo. Chondiwawa n'chakuti mtedza wotsalira posankha satayidwa: timausinja, nsinjiro zake n'kulowa m'phala la ana. Bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards lilipo kuyambira 1972, koma silingafike pa lichero lililonse pamsika wa Liwonde.

Kukana katundu pa zifukwa zina osati thanzi kumabweza moto msanga. Mu Malichi 2025 boma linaletsa kuitanitsa kunja katundu wina, kuphatikizapo mpunga ndi zipatso, pofuna kuteteza alimi ndi ndalama zakunja. Mu Epulo, Tanzania nayo inatsekera zokolola zathu, mpaka mbali ziwirizi zinachita kukhalirana pansi.

Mafunso ena ndi a momwe boma limagulira zinthu. Pagulu pamakhala membala mmodzi wa thumba lalikulu amene aliyense amafuna kumugulitsa. M'dziko, ameneyo ndi boma, lomwe limadyetsa odwala, akaidi, asilikali ndi ana a sukulu zogonera konko. WTO ili ndi pangano lapadera lotsegula matenda a boma, ndikunena ma tenda a malonda, kwa makampani akunja, koma Malawi sanalisainire, choncho ali ndi danga lokondera ake. Lamulo la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la PPDA loyang'anira kagulidwe ka boma, linati pa mipikisano ya m'dziko muno magawo 60 pa 100 alionse azipita kwa Amalawi eni nthaka. Ine ndikuti zili bwino. Palibe amene amadyetsa alendo ana ake ali ndi njala.

Koma akunja akafunsa kuti malonda a boma amalengezedwa poyera kapena ayi, wapambana amadziwika bwanji, woluza akadandaule kuti, ndi mafunso omwewo amene kalabu ya alimi a mpunga a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ili nawo. Kuti kalabuyo igulitse kusukulu ya boma, iyenera kulembetsa, kukhala ndi chiphaso cha msonkho cha MRA, kudziwika ku PPDA, kenaka kupirira miyezi ikudikira malipiro. Mlimi amene akufuna fizi ya mwana sabata ino sangadikire zonsezo. Wavenda wafika kale pakhomo ndi sikelo yake, ndalama zili m'manja, ndipo za chuku safunsa n'komwe.