Fupa lopanda kwawo

Pali chikhulupiriro china chimene chazika mizu pakati pathu kuno ku Chama, chakuti chinthu chamakedzana chimayamba kulemekezeka tsiku limene chanyamulidwa kupita kumzinda ndi kukaikidwa m'kabati yagalasi. Ndipo ine, amene ntchito yanga ndi yosunga zinthu zotere ndi kulemba mbiri yake, chimandiwawa mumtima nthawi zonse ndikachimva. Mwezi wathawu bambo ena ochokera kumpoto kwa boma lino anandibweretsera mafupa osanduka mwala m'thumba la feteleza, atawatsuka ndi sopo ndi kuwadzoza mafuta ophikira kuti awale, nandifunsa mwaulemu wonse kuti a myuziyamu amagula pa mtengo wanji. Nditafunsa kumene anawatola anangoti, "Kumtsinje, bambo," osakumbukiranso kuti ndi mtsinje uti mwa mitsinje yonse yotsikira mu Luangwa.

Sindikunyoza nyumba zazikulu za m'mizinda, iai. Ku London kuli dera lotchedwa South Kensington, la misewu yotakata ndi nyumba zaulemerero, kumene Natural History Museum, Science Museum ndi Victoria and Albert Museum zaima moyandikana, munda wa Hyde Park uli chapafupi pomwepo. Ndipo anthu a mitundu yonse amakhamukirako. Koma amene amasirira malo amenewo adziwe kuti m'nyumba yoyambayo muli chigaza cha munthu wakale chimene anthu okumba mgodi anachipeza ku Kabwe m'chaka cha 1921, ndipo popeza phanga limene chinagonamo linatha ndi kukumba, akatswiri anatsutsana za msinkhu wake pafupifupi zaka 100, kufikira mu 2020 pamene anachipima ndi njira zatsopano nanena kuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Chigazacho chinasungika bwino m'kabati, koma mboni yake, ndiyo nthaka, inali itatayika kale.

Mboni imeneyi ife pantchito timaitcha provenance, ndiko kuti mbiri ya kumene chinthu chinachokera: chinagona pamalo ati, m'dothi lotani, pansi pa chiyani, pambali pa chiyani, ndipo anachiona poyamba ndani. Miyala ya m'chigwa chathu inayalana mosanjikizana, wapansi ndiye wamkulu, wapamwamba ndiye mng'ono wake, kotero kuti fupa likadali m'mwala wake limatiuza lokha nyengo yake; koma likangozulidwa ndi kuponyedwa m'thumba limodzi ndi anzake a kwina, lasanduka wosalankhula, ngakhale mutalipukuta chotani.

Ndipo tisadzipeputse, pakuti dziko la Asenga lili ndi chuma chimene mizinda ikuluikulu ilibe. Kufupi ndi Sitwe kuli miyala yosunga mafupa a nyama zimene zinayenda pano zaka zoposa mamiliyoni 200 zapitazo. Akatswiri awiri, Drysdall ndi Kitching, anayenda m'zigwembe zimenezo nalemba zimene anaona mu 1963, ndipo mu 2013 dziko linamva za Lutungutali sitwensis, mbale wa madinosaur, wofukulidwa komweko. Akatswiri otere amapindula chifukwa amadekha, nalemba malo a fupa asanalichotse. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Monga fupa lozulidwa, chimodzimodzinso ng'oma yolira pa mwambo wa Kwenje pamaso pa Mfumu Yaikulu Kambombo: ikagulitsidwa kwa wapaulendo popanda dzina la woisema ndi la gule wake, chimene wanyamulayo ndi mtengo ndi chikopa basi.

Tsono mukapeza fupa, mbiya yakale kapena zotsalira za ng'anjo ya osula polima kapena mvula itakokolola gombe, lekani chikhale pomwepo. Chijambuleni ndi foni, mutaika khasu pambali kuti ukulu wake uoneke, zindikirani mtengo kapena chulu chapafupi, ndipo uzani a mfumu kuti uthenga ufike kwa a National Heritage Conservation Commission, pakuti lamulo la 1989 limafuna kuti zotere zinenedwe ndipo limaletsa kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo. Sindingalonjeze kuti adzafika msanga, makamaka m'dzinja misewu ikaduka. Ndipo ngati madzi ali pafupi kuchitenga, kuchichotsa kungakhale kwanzeru, malinga mwayamba mwajambula ndi kulemba malo ake papepala, ndipo musachitsuke.