Mpata Umene Uwongola Njinga

Inu amene muyenda pa njinga yamoto kuchokera ku Wenya kupita ku Chisenga kapena ku Nthalire, mudziwa kuti msewu uli ndi zitunda ndi miyala. Kodi munaonapo njinga ikugwedeza mutu potsetsereka? Ngozi zina zimayamba choncho.

Taonani khosi la njinga, pamene chiwongolero chimazungulira. Khosilo ndi lopendekeka. Mukalitsata ndi maso mpaka pansi, mufika patsogolo pa malo amene tayala lagunda dothi. Ndiye kuti tayala limatsata m'mbuyo, monga ngolo itsata ng'ombe. Mpata umenewu ndiwo umathandiza njinga kuyenda mowongoka.

Kuyeza kwake nkosavuta. Chitani izi:

1. Imikani njinga pamalo osalala. Mnzanu aigwire chilili, chiwongolero chitawongoka.
2. Mangani kamwala ku chingwe. Lendewetsani chingwecho kuchokera pakati penipeni pa gudumu lakutsogolo. Lembani pansi ndi khala.
3. Gundikizani ndodo yowongoka pambali pa khosi, itsate khosilo kufikira pansi. Musatsate foloko ayi. Lembaninso.
4. Yezani pakati pa zizindikiro ziwirizo.

Pa njinga zambiri zamoto mpatawu ndi pafupifupi masentimita 10. Pa njinga yakapalasa ndi 5 kapena 6.

Mpata ukakula, njinga imakhazikika koma imalimba pokhota. Ukachepa, imakhota msanga koma sichedwa kugwedezeka. Amakaniko a njinga zampikisano amadziwa zimenezi. Iwo amamasula mabawuti ogwira foloko, nakweza kapena kutsitsa folokoyo mamilimita ochepa chabe. Mutu wa njinga ukatsika, mpata umachepa. Ukakwera, mpata umakula.

Koma inu simuli pa mpikisano. Mumanyamula ana, odwala ndi matumba a chimanga. Choncho musasinthe foloko mwachisawawa. Yezani njinga yanu idakali yabwino, ndipo lembani nambalayo m'kope. Tsiku limene mwagunda mwala kapena kugwa m'dzenje, yezaninso. Ngati nambala yasintha, mwina foloko kapena khosi lapindika. Pitani nayo kwa makaniko musananyamule munthu.

Kumbukiraninso kuti katundu wolemera kumbuyo amapepukitsa tayala lakutsogolo, ndipo siligwira bwino pansi. Potsetsereka yendani pang'onopang'ono.

Mafunso
1. Kodi ndodo itsate khosi kapena foloko?
2. Mpata ukachepa, njinga imatani?
3. Kodi nambala ya njinga yanu ndi chiyani?